Kangaru woyamba tsiku lobadwa: maola tiziwerenga bwanji kuti kafukufuku asatinamize?

NaMbewe_K

Moni anzanga nonse, makamaka anamwino ndi azamba a ku nazale. Ndikukonza kafukufuku womalizira maphunziro pa chipatala china cha pa boma, ndipo mutu wake ndi kangaru, njira yosunga khanda pachifuwa pa mayi khungu kukhudza khungu, kwa makanda obadwa osakwana makilogalamu 2. Pali zinthu ziwiri zandiimitsa mutu. Choyamba, pamalopo khanda limadikira ku nazale mpaka litapeza bwino ndiye lipite pachifuwa pa mayi ake, koma ndikumva kuti malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, tsopano akuti tisadikirenso. Izi zikuchokera pa umboni wanji, ndipo zingatheke kwa mwana amene ali pa okosijeni? Chachiwiri, m'kaundula mumangolembedwa kuti mwana ali pa kangaru, eya kapena ayi. Ndiyeze chiyani kuti zotsatira zikhale zomveka? Chonde ndithandizeni.

NaPhiri_RN

A NaMbewe, mwafunsa bwino, ndipo ndiyambe ndi umboniwo. Kangaru anayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, pamene dokotala Edgar Rey Sanabria anaona kuti makina ofunditsira makanda sakukwana ndipo ana akupatsirana matenda pogona awiri kapena atatu m'makina amodzi. Kuno kwathu wodi yoyamba ya kangaru inatsegulidwa pa Zomba Central Hospital mu 1999. Zaka zonsezi lamulo linali lomwe mwapezalo, loti mwana ayambe wakhazikika.

Chinasintha zinthu ndi kafukufuku amene WHO inatsogolera m'zipatala zisanu, ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi kuno ku Malawi pa Queen Elizabeth Central Hospital. Zotsatira zinatuluka mu 2021. Munali makanda 3,211 obadwa ndi sikelo ya pakati pa 1.0 ndi 1.799 kg. Ena anaikidwa pachifuwa atangobadwa, ena anadikira monga mwa nthawi zonse. Pofika masiku 28, pa gulu loyamba msanga anamwalira 12.0 peresenti, pa gulu lodikira 15.7 peresenti. Ndiye kuti pa imfa zinayi zilizonse imodzi inapewedwa, ndipo kafukufukuyo anamuimitsa nthawi yake isanakwane chifukwa sikunali koyenera kupitiriza kudikiritsa ana enawo. Mu November 2022 WHO inatulutsa malangizo atsopano: kangaru ayambe mwana akangobadwa, maola 8 mpaka 24 pa tsiku, kupatula mwana amene sakupuma yekha kapena amene magazi sakuyenda bwino m'thupi ndipo akufunika kumutsitsimutsa kaye.

Koma muwerenge pepalalo bwinobwino pa nkhani ya maola. Ali ku nazale, ana a gulu loyamba ankakhala pachifuwa pafupifupi maola 17 pa tsiku, a gulu linalo ola limodzi ndi theka. Kusiyana kwa imfa kunabwera ndi kusiyana kwa maola kotereku. Mwana wokhala pachifuwa maola awiri masana nthawi imene madokotala akuzungulira, usiku wonse ali m'bulangete pambali, m'kaundula alembedwa eya, koma thandizo lomwe kafukufukuyo anayeza sanalilandire. N'chifukwa chake eya kapena ayi sangakuthandizeni.

Msampha wina ndi uwu, ndipo ophunzira ambiri amagweramo. Mukayerekeza imfa za ku wodi ya kangaru ndi za ku nazale, kangaru adzaoneka ngati wozizwitsa. Chifukwa chake n'chakuti ofika ku wodi ya kangaru ndi amene apulumuka kale masiku oopsa oyambirira. Imfa zambiri za makanda zimachitika sabata yoyamba, makamaka tsiku loyamba. Choncho muyambe kuwerenga pa chipinda chochirira: khanda lililonse lobadwa lamoyo losakwana 2 kg lilowe m'buku lanu, ngakhale limene lamwalira lisanakhudze chifuwa cha mayi ake.

Che_Jafali

Ndikugwirizana ndi a NaPhiri, koma tisachite kukokomeza. Pa kafukufuku yemweyo imfa za m'maola 72 oyambirira zinali 4.6 ndi 5.8 peresenti, ndipo kusiyana kumeneku sikunafike poti n'kutsimikizira. Ku Uganda, kafukufuku wa OMWaNA amene anatuluka mu 2024 sanapeze kusiyana kotsimikizika pa imfa za m'masiku 7 oyambirira, ndipo ku Gambia nakonso kafukufuku wocheperapo sanapeze kusiyana. Izi sizikugwetsa kangaru woyamba msanga. Zikutiuza kuti si kungoika mwana pachifuwa basi. Pa kafukufuku wa WHO uja bedi la mayi linalowa m'nazale momwemo, mwana aliyense anali ndi kachipangizo koyeza okosijeni ndi kugunda kwa mtima, CPAP, makina othandiza khanda kupuma pokankhira mpweya m'mphuno, inalipo, ndipo mayi wochitidwa opareshoni anali ndi wachibale wamkazi womugwirizira. Ngati pa chipatala chanu namwino ndi mmodzi usiku pa ana 30, zimenezonso mulembe. Chiwerengero cha anamwino pa shifiti iliyonse ndi mbali ya zotsatira zanu.

Gogo_Mzamba

Mwanangu NaMbewe, za manambala akuluakulu anzanga anena. Ine ndikuuze za manja, chifukwa maola ochuluka mwana atamangidwa molakwika amapha.

Mwana avale thewera, chipewa ndi masokosi basi. Chipewa si chokongoletsera, mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi ndipo kutentha kumathawira kumeneko. Aimirire pakati pa mawere, chifuwa chake chikhudze khungu la mayi, miyendo ndi manja zopinda ngati chule. Mutu utembenukire mbali imodzi, chibwano chikwere pang'ono. Chikagwera pachifuwa njira ya mpweya imapindika, chikakwera kwambiri imatsekekanso. M'mphepete mwa chitenje mudutse m'munsi mwa khutu la mwana kuti mutu usagwedere, ndipo chimange zolimba pa msana ndi pachifuwa pa mwanayo, osati pamimba, poti khanda limapuma ndi mimba. Mayi akawerama mwana asaterereke. Nkhope izioneka nthawi zonse, pasakhale chitenje china chophimba kumutu. Azimayi athu anazolowera kubereka kumbuyo, ndiye dzanja limafuna kumanga momwe limamangira mwana wa miyezi 6. Mumuonetse kawiri katatu, kenako amange yekha inu mukuona.

Pogona mayi atsamire, mutu wa bedi ukwezedwe kapena aike mapilo. Akagona chagada lathyathyathya mwana amabwerera mkaka, ndipo mayi atatopa amamumasula n'kumuika pambali. Maola ambiri amatayika pakati pa 10 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa, ndiye ngati wolemba wanu amabwera masana okhaokha sadzaona kalikonse.

Wa pa okosijeni amatheka. Timachubu ta m'mphuno timatidwe pa masaya onse awiri, paipi idutse pamwamba pa phewa la mayi ndipo muimangirire pa chovala chake kuti akatembenuka isakoke mphuno. Wa pa CPAP, kaya ndi makina a mtundu wa Pumani kaya ena, mumusamutse anthu awiri, wina kunyamula mwana wina kugwira mapaipi, ndipo mukamaliza muone ngati madzi a m'botolo akuwirabe thovu. Akasiya, mpweya ukutuluka penapake, kawirikawiri timachubu tasuntha kapena mwana wayasamula kukamwa. Okosijeni wa m'magazi akhale pakati pa 90 ndi 95. Kupyola apo kwa nthawi yaitali kumawononga maso a mwana wobadwa masiku asanakwane. Mphuno muziiyang'ana pa shifiti iliyonse, kachikopa ka pakati kamachita bala msanga.

Kutentha yezani m'khwapa, kukhale 36.5 mpaka 37.5. Mukapeza 36.2 musathamangire makina. Onani kaye ngati thewera lanyowa, ngati chipewa chavuka, ngati pakati pa mwana ndi mayi palowa kamisolo kapena bra. Konzani, fundani onse awiri, yezaninso pakatha ola. Ngati sakufundabe ali pachifuwa pomangidwa bwino, ganizani za matenda a m'magazi kapena kutsika kwa shuga, ndipo muitane dokotala. Kupuma kukhale 30 mpaka 60 pa mphindi. Akasiya kupuma masekondi 20 kapena akada milomo, mayi amusisite kumsana ndi kufuula, ndipo zimenezi mayi aziphunzire tsiku loyamba lomwelo.

Pa mkaka, mwana amene ali bwino amayamba ndi 60 ml pa kilogalamu pa tsiku loyamba. Wa 1.6 kg ndiye 96 ml, kugawa kasanu ndi katatu, 12 ml maola atatu alionse, ndipo timakweza tsiku ndi tsiku mpaka cha m'ma 150 kufika 180 ml pa kilogalamu. Wosatha kuyamwa amwere m'kapu mkaka wofinya wa mayi ake. Kapu ingokhudza mlomo wa m'munsi, mwana anyambite yekha. Kuthira m'kamwa ndiko kumatsamwitsa. Ikani kansalu pansi pa chibwano, muone wotayika, chifukwa pa fomu palembedwa 12 ml pomwe m'mimba mwalowa 8. Wosatha kumeza bwino apatsidwe pa chubu, ndipo amamwa ali pachifuwa pomwepo osamumasula.

NaMbewe_K

Zikomo kwambiri agogo, ndi inu nonse. Ndiye fomu yanga ikhale yotani? Ndimaganiza zofunsa amayi m'mawa uliwonse kuti dzulo anakhala ndi mwana pachifuwa maola angati.

Nyirenda_T

Ayi, musadalire kufunsa kokha. Mayi wosagona, wopanda wotchi, akufunsidwa ndi munthu wovala yunifomu amene dzulo anamuuza kuti asamutsitse mwana, adzayankha chimene akuganiza kuti chikusangalatsani. Si bodza la dala, ndi ulemu ndi mantha.

Pangani pepala limodzi la mwana aliyense pa tsiku, lokhala ndi timabokosi 24. Pa ola lililonse woyang'ana alembe chimodzi mwa zitatu: ali pachifuwa pa mayi, ali pachifuwa pa womugwirizira, kapena sali pachifuwa. Ngati sali pachifuwa alembe chifukwa mwachidule: mayi akusamba, akudya, akuchapa matewera, akudwala, akufinya mkaka, mwana ali pa nyale ya chikasu, akumubaya diripi. Mzere wa zifukwawu ndi umene uli ndi phindu lalikulu pa kafukufuku yense, chifukwa ndi umene ungasinthe kachitidwe ka pa wodi. Mukapeza kuti maola atatu tsiku lililonse akupita ndi kuchapa ndi kukatenga chakudya, yankho lake si kulangizanso mayi, ndi kulola gadiyani kulowa. Ngati anthu sakukwana kuyang'ana ola lililonse, yang'anani maola awiri alionse usana ndi usiku, ndipo munene poyera m'lipoti kuti munatero. Bokosi limene simunayang'ane lisiyidwe lopanda kanthu. Kudzaza m'mawa mokumbukira ndiko kumaononga mafomu ambiri, ndipo kumaoneka: cholembera chimodzi, dzanja limodzi, usiku wonse ndendende.

Dziwaninso kuti anthu akadziwa kuti akuwerengedwa amasintha. Sabata yoyamba maola adzakwera. Muitenge ngati yoyeserera fomu, musaiphatikize.

Zoyeza pa mwana zikhale zochepa koma zoyezedwa bwino. Ola limene anabadwa ndi ola limene anafika pachifuwa koyamba. Kutentha pofika ku nazale ndi pa nthawi zoikika tsiku lililonse. Sikelo tsiku lililonse, nthawi imodzimodzi, asanamwe, ali wosavala, pa sikelo imodzi yomweyo. Apa samalani: tikufuna mwana aziwonjezera pafupifupi magalamu 15 pa kilogalamu pa tsiku, ndiye wa 1.6 kg ndi magalamu 24 okha. Sikelo yodumpha 50 kapena 100 singaone zimenezo, pamafunika yowerenga magalamu 10 kapena kucheperapo, ndipo muiyese ndi chinthu chodziwika kulemera kwake sabata iliyonse. Masiku oyamba mwana amatsika kaye sikelo ndipo amabwerera pa yobadwa nayo cha pa masiku 10 mpaka 14, choncho musawerenge kutsika kumeneko ngati kulephera kwa kangaru.

Chomaliza ndi tsiku la 28. Mwana akatuluka m'chipatala ali ndi 1.7 kg ulendo sunathe, kangaru amapitirira kunyumba mpaka cha m'ma 2.5 kg, ndipo ambiri sabweranso ku sikelo chifukwa cha thiransipoti. Amene sanabwere musawalembe kuti ali moyo. Tengani manambala awiri a foni, dzina la mudzi ndi la mfumu, ndi HSA, mlangizi wa za umoyo wa dera lawo, asanatuluke. Zonsezi zilowe m'pempho lanu la chilolezo ku komiti yovomereza kafukufuku ya yunivesite ya KUHeS ngati mukuphunzira kumeneko, kapena ku NHSRC, komiti ya dziko lonse yovomereza kafukufuku wa za umoyo, pamodzi ndi fomu ya chilolezo ya m'Chichewa, ndi ya m'Chiyao kapena m'Chitumbuka ngati dera lanu likufuna choncho.

Che_Jafali

Ndiwonjezere pa za womugwirizira. Pa fomu mulembe kuti ndi ndani, agogo, azakhali, apongozi kapena bambo. Malo ambiri mwamuna saloledwa kulowa wodi ya amayi, ndipo kumudzi nthawi ya chikuta amauzidwa kuti asayandikire khanda mchombo usanagwe, choncho bambo amene akufuna kuthandiza alibe poyambira. Agogo aakazi ndi amene amalamula za mwana akafika kunyumba, ndipo ngati sanaphunzitsidwe kumanga ali kuchipatala, tsiku lomwelo mwana amasambitsidwa ndi kukulungidwa m'mabulangete atatu. Womugwirizira asambe m'manja ndi pachifuwa ndi sopo, asakhale ndi chifuwa, chimfine kapena zilonda za pakhungu, ndipo aphunzire zizindikiro zoopsa chimodzimodzi ndi mayi: kukana mkaka, kuzizira kapena kutentha thupi, kupuma mothamanga kapena mobanika, kukomoka, chikasu chofika m'manja ndi kumapazi, mafinya pa mchombo. Ikani bokosi pa fomu yotulutsira losonyeza kuti munthu wachiwiriyu wamanga mwana yekha pamaso pa namwino, ndipo mukaimba foni pa tsiku la 28 mumufunsenso iyeyo, osati mayi yekha.