Bala laling'ono, mkodzo wakuda

Sisita Nachisale: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Talandira bambo wolemera makilogalamu 70, agwidwa ndi magetsi a mawaya akuluakulu akukhoma denga. Bala la m'chikhatho ndi laling'ono, louma, lotuwa, ndipo lina lili pachidendene. Madzi a dripi tawerengera ndi Parkland, njira yowerengera madzi opatsa munthu wopsa, koma mkodzo ukungodontha mamililita 20 pa ola, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka.

A Phiri: Sisita, Parkland musaidalire pamenepa. Imawerengera khungu lopsa lokha, pomwe magetsi opitirira mavoti 1,000 amaotcha m'kati. Fupa limatentha n'kupsereza minofu yoyandikana nalo, khungu lili bwinobwino pamwamba. Kuda kwa mkodzoko ndi myoglobin, puloteni yochokera m'minofu yakufa, ndipo ikatseka impso zinthu zivuta. Onjezerani dripi ya Ringer's lactate mpaka mkodzo ufike mamililita 75 mpaka 100 pa ola, osatsitsa mpaka uyere. Mankhwala a diclofenac ndi gentamicin ayi, amatha kuwononga impso.

Sisita Mwale: ECG, yoonera kagundidwe ka mtima, mwajambula? Muyezenso potaziyamu m'magazi, amakwera minofu ikamaonongeka. Katemera wa kafumbata musaiwale, ndipo ngati anagwa kuchokera padenga, khosi ndi msana ziunikidwe.

Sisita Nachisale: ECG ili bwino. Koma mkono watupa, ukagwira uli gwa ngati mtengo. Mtsempha wa padzanja ukugundabe, ndiye tinati tidikire kuche.

A dokotala Banda: Musadikire, chonde. Kugunda kwa mtsempha kumasiya mochedwa, minofu itafa kale. Tambasulani zala zawo pang'onopang'ono. Akakuwa ndi ululu woposa kukula kwa balalo, mkonowo ukufunika fasciotomy, opaleshoni yong'amba chikuto cha minofu kuti isapanikizike, usiku womwe uno, pamodzi ndi kumasula carpal tunnel, kampata kodutsamo mitsempha polowera m'chikhatho. Ndinaonapo mnyamata atadulidwa mkono chifukwa tinakhulupirira kugundako. Mpaka lero zimandiwawa.

Sisita Nachisale: Ndangokhudza chala chapakati, alira mokweza. Tikupita nawo ku fiyeta.

A dokotala Banda: Achibale muwauze zoona lero lomwe: tidzatsegulanso pakatha maola 48 kuchotsa minofu ina yakufa, ndipo za zala sitingalonjeze. Akadzatuluka adzaonedwenso maso, ng'ala imatha kubwera patapita miyezi, dzanzi nalonso limatha kuyamba mochedwa.

Sisita Nachisale: Mwadzuka bwanji nonse. Opaleshoni yatheka cha m'ma 2 koloko usiku. Minofu ya pamwamba inali yofiira, ya pafupi ndi fupa yotuwa, monga munanenera a Phiri. Mkodzo wafika 85 pa ola ndipo wayamba kuyera. Chala chachikulu akuchigwedeza, zinazo sizinayambe.