Mdani wa m'sewero lathu la zaufiti watha mano pa gawo lachinayi, timutani?

Nabanda_Mabvuku

Moni nonse. Gulu lathu la zisudzo kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, likulemba sewero loika pa YouTube, magawo 13, lililonse mphindi 20, Chichewa chosakaniza ndi Chishona monga timayankhulira kuno. Mdani wake ndi bambo wokhwima, mwini makombi (maminibasi) ndi matebulo ogulitsirapo ku msika wa Mbare Musika, amene amapatsa anthu chuma posinthana ndi m'bale wawo. Wolimbana naye ndi mtsikana amene mchimwene wake anasandutsidwa ndondocha. Vuto ndi lakuti mkuluyu akubwera gawo lililonse, kuopseza, kugonja, kuthawa, ndipo pofika gawo lachinayi sakuopsanso. Tikufuna akhalepo mpaka kumapeto, asinthenso khalidwe, koma osati kulapa kwa usiku umodzi. Tiyambire pati?

aPhiri_Highfield

Achemwali, matenda mwawatchula nokha: akuoneka kwambiri, ndipo akugonja ulele. Onani mmene anamulowetsera Crowley, chiwanda chochita mapangano ndi anthu, mu Supernatural, sewero lomwe linayenda kuchokera 2005 mpaka 2020, magawo 327. Crowley analowa mu 2009, sizoni yachisanu gawo la 10, ndipo m'sizoni yonseyo ya magawo 22 anaoneka katatu kokha. Tsiku loyambalo sanalimbane ndi Sam ndi Dean, anyamata apachibale osaka ziwanda. Anawapatsa mfuti yomwe ankaifunafuna kuti akaphere Lucifer, chifukwa ankadziwa kuti Lucifer akathana ndi anthu atembenukira ziwanda. Woonera anadziwiratu chimene mkuluyu akufuna: kukhala moyo ndi kuteteza malonda ake.

Malondawo anali ndi lamulo. Munthu wopangana ndi chiwanda pamphambano amapatsidwa zaka khumi, kenako agalu a kugehena amabwera kudzamutenga. Mu sizoni yachisanu ndi chiwiri, chiwanda china chitayamba kupha makasitomala nthawi isanakwane, Crowley anafafaniza mapangano akewo n'kuchitenga kukachilanga. Mdani wosunga pangano amaopsa kuposa wongokalipa, chifukwa akati Lachisanu woonera amayamba kuwerenga masiku.

Pa magawo 13, muonetseni nkhope kasanu ndi kamodzi basi: gawo 1, 4, 7, 8, 11 ndi 13. M'magawo enawo lioneke dzanja lake lokha, monga kondakitala wobweretsa uthenga, kapena kombi yoima pageti usiku injini ikulira koma osatsika munthu. Ndipo akabwera, achoke ndi chinthu chosabwereranso. Mu sizoni yachisanu ndi chitatu Crowley anayamba kupha anthu omwe anyamata aja anawapulumutsa kale, mpaka Sarah Blake wa mu sizoni yoyamba. Zimenezo n'zomwe zimabwezeretsa mano.

Nangozo

AChimwene aPhiri anena za kuopsa, ine ndinene za kusintha. Munthu woipa wa m'sewero sasintha chifukwa wamva mawu abwino. Chimayamba n'chinthu chomumanga manja, mtima umabwera mochedwa. Spike, wopopa magazi wa m'sewero la Buffy the Vampire Slayer, analowa mu 1997 ngati wakupha weniweni. Mu sizoni yachinayi asilikali anamuika kachipangizo m'mutu komwe kankamupweteka akafuna kuvulaza munthu. Sanakhale wabwino, ankalakalakabe magazi, koma atazindikira kuti ziwanda angathe kuzimenya osamva ululu, anayamba kuthandiza adani ake pofuna ndewu ndi ndalama. Mzimu wa umunthu anakaupeza kumapeto kwa sizoni yachisanu ndi chimodzi. Crowley nayenso chimodzimodzi: mu 2013 Sam anamumanga m'tchalitchi n'kumamubaya jekeseni wa magazi ake ola lililonse, mwambo wosandutsa chiwanda kukhala munthu, wofunika maola asanu ndi atatu. Sam sanaumalize, ndipo Crowley anatsala pakati, chiwanda chomva chisoni, cholakalaka magazi a munthu ngati chidakwa.

Inu chomangira muli nacho kale, ndicho chizimba. Pa gawo 1 tiuzeni choletsedwa chake momveka, mwina kuti asadye chakudya cha pamaliro. Pa gawo 7 mtsikana uja amuphwanyitse lamulolo mochenjera. Pa gawo 8 sing'anga yemwe anamukhwimitsa afune malipiro atsopano, mwana wake weniweni wa mkuluyo. Apa ndiye afunika mtsikana uja, osati pomukonda ayi, koma poti ndi yekhayo amene akudziwa kumene kuli ndondocha zija. Pa gawo 11 athandizane, kenako amupereke. Abwerere ku zakale kamodzi kokha, koma mopweteka, apo ayi woonera sakhulupirira.

Chomwe chimalakwika kawirikawiri n'chakuti mdani akangoyamba kuthandiza, olemba amamupatsa nthabwala zonse. Kwa ine ndi zimene zinamuchitikira Crowley mu sizoni ya 10, atangokhala pampando wake n'kumakangana ndi mayi ake Rowena. Ankaseketsa, koma mantha anali atapita. Pa nthabwala ziwiri zilizonse muikepo chinthu chimodzi chankhanza chomwe akuchichita pamaso pathu.

Gogo_wa_Tafara

Ana inu mwaiwala mtsikana. Ngati wokhwimayo akusintha iye ali chimodzimodzi, sewero lasanduka la mdani. Pomudyetsa nsima ya pamaliro ija wanyenga anamfedwa, ndiye pa gawo 9 wina amufunse pamaso kuti wasiyana pati ndi munthu amene akulimbana naye. Komanso musakakamize banja lake kukhululuka. Mayi wa ndondocha ija akhoza kukana mpaka gawo lomaliza, ndipo adzakhala akulondola.

Za kujambula: zochitika zonse za mkuluyo zijambuleni masiku awiri otsatizana pamalo amodzi, popeza wosewerayo akhoza kupeza ganyu kwina pakati pa sizoni. Koma poti mukujambula mosatsata ndondomeko, lembani m'kope maonekedwe ake gawo ndi gawo: mphete ili kudzanja liti, jekete ndi yosita kapena yokwinyika, ndevu zameta kapena ayi. Kugwa kwake kuoneke pa zovala iye asanatsegule pakamwa. Za usiku khalani ndi nyali ziwiri za batire, magetsi musawadalire.

China, chonde musaveke mizimu yake zovala za Gule Wamkulu pofuna kuopseza. Kuno anzathu ambiri akati zvigure (dzina la Gule m'Chishona) amaganiza kale za ufiti, pomwe ndi mwambo womwe UNESCO inaulemekeza mu 2005. Musawonjezere moto pamenepo.

Nabanda_Mabvuku

Zikomo agogo, za Gule tamva. Funso lomaliza: pa gawo 13 afe kapena asafe?

aPhiri_Highfield

Zitengera ngati muli ndi sizoni yachiwiri. Crowley anadzibaya yekha mu 2017 pofuna kutsekera Lucifer kudziko lina, ndipo sanabwerenso. Spike anapsa mu 2003, chaka chomwecho n'kutulukira m'sewero lina la Angel. Ngati wosewera wanu simunapangane naye za chaka chamawa, muphereni pamaso pa kamera, maliro aoneke. Ngati mwapangana, musamuukitse popanda lamulo lomwe munalitchula kale m'magawo oyamba. Njira yotchipa ndi kumusiya wamoyo, makombi atapita, chizimba chili m'manja mwa mtsikana uja, ndipo sing'anga akufunabe malipiro ake.