App yoonera pomwe basi yafika, kuno ku Mangochi ingathandize?

mayi_wa_usipa:
Abale ndithandizeni maganizo. Ine ndimapikula usipa wouma ku nyanja nkumakagulitsa ku Limbe ndiye ulendo ndi moyo wanga. Sabata yatha ndinaima pamsewu pa Makawa kuyambira 5 koloko m'mawa ndi matumba atatu kudikira basi yaikulu yochokera ku Monkey Bay, dzuwa mpaka kukwera, kutentha kwa kuno mukukudziwa, mwana ndinamusiya kwa aneba asanadye ndi phala lomwe. Inabwera cha m'ma 9. Chinandiwawa kwambiri ndi kusadziwa, umaopa kuchokapo ngakhale kupita kuseri poti mwina idutsa, umaopanso kukwera minibasi poti katundu akulipiritsa ngati anthu atatu. Mng'ono wanga akuti kunja anthu amangoona pa foni kuti basi ili pati ndipo ifika mphindi zingati. Zimayenda bwanji zimenezi, nanga kuno zingatheke?

wakuJoni_Namwera:
Zilipodi achemwali, ine ndakhala ku Johannesburg zaka zingapo. Mukaitana taxi pa foni kudzera pa Uber kapena Bolt galimoto mumaiona pa mapu ikukhota msewu uliwonse mpaka pakhomo, za mabasi nzimodzimodzi. M'basimo amaikamo ka GPS kokhala ndi simu khadi, kamatumiza malo pomwe basi ili pakangopita masekondi ochepa, kompyuta nkuwerengera mtunda watsala ndi mmene ikuthamangira, basi pa foni pakulemba kuti mphindi 7. Ku London mpaka pamasiteji ambiri pali chikwangwani chamagetsi cholemba nambala ya basi ndi mphindi zatsala, wopanda foni amaonanso. Basi siithamanga chifukwa cha app ayi, imachedwabe, koma mtima umakhala pansi. Ukadziwa kuti kwatsala ola umamwa kaye tiyi, kumusambitsa mwana, nkutuluka nthawi yake. Makamaka azimayi madzulo, kuima wekha pasiteji kuli mdima ndi kudikirira m'nyumba nzosiyana kwambiri.

kondakitala_wakale:
Achimwene a ku Joni zomwe mwanenazo nzoona koma nzakumeneko. Ine ndagwira pa chitseko cha minibasi ya Mangochi Liwonde zaka zambiri ndiye ndikuuzeni mmene zilili. Basi ya ku London ili ndi nthawi yonyamukira, kaya muli anthu awiri imapita. Yathu imanyamuka ikadzadza. Muikemo GPS lero, pa foni mudzaona kadontho kataima pa depoti maola awiri osasuntha, ndiye mwapindula chani? Ikanyamukanso sikuti yapita, pa Ulongwe titha kuima theka la ola kusaka anthu, pena anthu akachepa timawasamutsira mu ina ife nkubwerera, kadontho kanu kaja katembenuka kakubwerera ku boma inu muli chiimire. Onjezani rodibuloko, onjezani masiku a vuto la mafuta dalaivala akalowa pa mzere pa filingi ndi anthu ali momwemo. Kompyuta iwerengera bwanji zimenezo.
Wokwera wa kuno funso lake ndi lakuti mwatsala mipando ingati. Ndipo apa ndinene chilungamo ngakhale anzanga sakondwa, pamasiteji ena mumakhala anthu ongokhalamo kuti izioneka ngati yatsala pang'ono kudzadza, wokwera weniweni akalowa iwo amatsika mmodzimmodzi. Wopanga app akafuna kuthandiza ayambire pamenepo, nambala yeniyeni ya anthu olipira. Koma ndani angailembe moona, kondakitala yemweyo amene akufuna mukwere yake?

mphunzitsi_kuMalindi:
A kondakitala mwalasa, koma musatseke chitseko chonse. Ku Nairobi matatu awo amayenda ngati ma minibasi athu omwewa, koma ophunzira a University of Nairobi mogwirizana ndi a mayunivesite a ku America a MIT ndi Columbia anakwera matatuwo ndi mafoni nkujambula njira zonse, mapu anatuluka mu 2014 kenako njirazo zinalowa mu Google Maps. Sikunali kuona galimoto ikuyenda ayi, koma poyambira ndi pamenepo, kudziwa kaye njira ndi masiteji. Ife nanga ndani analembapo kuti ya ku Chiponde imakwerekera pati, ya ku Makanjira imapezeka nthawi yanji? Mlendo amangofunsa akabaza.
Ndipo funso la amayiwa ndi la basi yaikulu, imene ili ndi nthawi yake ndi njira imodzi. Imeneyo nde yosavuta. Nkhawa yanga ili tsidya lino la mlatho wa Bakili Muluzi, msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja umaduka, madera ena netiweki imasowa, ndiye app imakuonetsa pomwe galimoto inali ola lapitalo iwe nkumayesa ndi pomwe ili pano. Chinthu chokunamiza chimapweteka kuposa kusakhala nacho, ukanamizidwa kawiri sudzachitsegulanso. Komanso makolo athu ambiri ali ndi foni za mabatani ndipo bandulo yadula, akanapanga zoyimba ma nambala ngati mmene timachitira Mpamba ndi Airtel Money bwenzi agogo a ku Lungwena nawonso akupindula.

wakuJoni_Namwera:
Aphunzitsi za mabatanizo ndavomera. Koma achemwali musadikire app, pa WhatsApp pali live location, munthu amasankha mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8 ndipo inu mumamuona akuyenda pa mapu. Ife tikamabwera kumudzi timatumizira abale kuti adziwe nthawi yotichingamira, sagonanso pa depoti ngati kale. Kondakitala mmodzi wa foni yabwino atapanga gulu la makasitomala ake nkumayatsa akamanyamuka, mwathana nazo.

kondakitala_wakale:
Zimenezo zitheka pa basi yaikulu, ndipo wochenjera angakokere nazo makasitomala a katundu ngati amayiwa poti ndi amene amabweretsa ndalama. Chenjezo langa ndi limodzi, gulu likhale la anthu odziwana. Basi yobwerera madzulo imakhala ndi ndalama za tsiku lonse komanso amalonda ali ndi zawo m'chitenje, simungafune aliyense azidziwa kuti pano yafika pa thengo lakuti.

mayi_wa_usipa:
Zikomo nonse, za akubazo sindinaziganize ndipo ine ndi amene ndimabwerera ndi ndalama m'chiuno. Tilipo azimayi asanu ndi mmodzi amene timakwera limodzi pa Makawa, awiri tili ndi WhatsApp. Lachinayi ndikakwera ndikamupempha kondakitala, bandulo yake tizimusonkherana ife. A kondakitala_wakale, ndikamuyambe bwanji kuti asaone ngati tikufuna kumulondalonda kapena kumunenera kwa abwana ake?