Ndikusowa sukulu yochitirako teaching practice ya PGCE kuno ku Joni

Moni abale ndi alongo a m'gulu lino, makamaka aphunzitsi amene muli kuno ku Joni. Ndathedwa nzeru, ndithandizeni.

Ndili ndi digiri ya masamu ya ku Chanco, ndipo a SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro kuno, anandiunikira kale mapepala. Chaka chino ndayamba PGCE (maphunziro a zauphunzitsi a anthu amene ali kale ndi digiri) ku yunivesite ya Unisa, ya Senior Phase ndi FET, ndiye kuti makalasi a ku sekondale. Za m'mabuku zikuyenda ndithu, ndimalemba usiku ndikaweruka kuntchito. Pavuta ndi pa teaching practice. Pakufunika sukulu yovomerezeka ndi boma yoti indilandire kwa milungu ingapo, komanso mphunzitsi wondiyang'anira m'kalasi woti azisaina mafomu.

Ndazungulira masukulu a kuno ku Tembisa kalata ili m'manja. Kwina mlonda anandibwezera pageti pomwepo, kwina ahedi anati malo adadzaza kalekale. Maimelo ndiye ali zii. Chonsecho paliponse akudandaula kuti aphunzitsi a masamu akuchepa!

Tsono inu amene mudadutsamo, kodi ndiyambe ndalembetsa ku SACE, bungwe lolembetsa aphunzitsi kuno, ndisanapitenso kwa ahedi? Nanga kalata ya kupolisi amafuna ya kuno yokha kapena ndi ya ku Malawi yomwe? Ngati sukulu yanu imalandira ophunzira zauphunzitsi, ngakhale ku Kempton Park, chonde ndiuzeni woti ndikamuone.