Zikang'a zandikwana, thandizeni June asanafike

Muli bwanji nonse pagulu pano? Ine ndabwera ndi vuto la mapazi abale. Chiyambireni kazizira ka May aka zidendene zanga zauma gwa, zikang'a zatseguka moti m'mawa ndikaponda pa simenti ndimachita kuyenda monyang'ama, dzulo kwina kunatuluka timagazi mpaka kuthimbiritsa sokosi.

Ndimagulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, ndiye tsiku lonse ndimakhala chiimire pafumbi nditavala mapatapata, madzulo ndikukakwera minibasi ya ku Area 25 mapazi ali mbuu.

Ndayesa kunyika m'madzi ofunda, kukwecha ndi mwala, Vaseline usiku nkuvala masokosi, ngakhale glycerine. Zimafewa masiku awiri basi kenako zibwerere. Mwalawo ndasiya kaye chifukwa ukupweteka.

Chikundiopsa nchoti mayi anga ali ndi shuga ndipo ndikudziwa kuti bala la kuphazi kwa odwala shuga silipola msanga, koma ine sindinayezetsepo.

Ndiye alipo anagwiritsapo mafuta aja okhala ndi mankhwala ofewetsa khungu otchedwa urea, amathandizadi? Ku pharmacy za ku Area 3 amapezeka pa ndalama zingati? Nanga pong'ambika pakutuluka magazi apa ndipakepo mafuta kapena ndiyambe ndapita kuchipatala?