Amayi oimba ndi gitala yokha: amakhala bwanji pa ntchitoyi popanda kampani yaikulu?

Nachisale wafunsa:

Ndikupereka moni kwa nonse. Kwa zaka zisanu tsopano ndakhala ndikupeka nyimbo zanga ndi kuziimba ndekha ndi gitala yopanda magetsi, makamaka pa maukwati ang'onoang'ono ndi m'malo odyera momwe anthu amafuna nyimbo zodekha zosawasokoneza pocheza. Mwezi wathawu bambo wina amene ali ndi situdiyo anandiuza kuti akhoza kundijambulira chimbale chonse popanda ine kulipira kanthu, koma pepala limene anandipatsa kuti ndisayine likunena kuti nyimbozo zidzakhala za kampani yake mpaka kalekale, ndipo ine ndidzayamba kulandira gawo langa iye akadzabweza ndalama zonse zimene adzalowetsepo. Sindinasayine, ngakhale kuti mtima ukundikoka chifukwa ndalama zolipirira situdiyo ndilibe.

Ndimamva kuti ku America, ku Canada ndi ku Britain kuli amayi oimba nyimbo za folk, zija zodekha zoimbidwa ndi zida zopanda magetsi, amene atha zaka makumi angapo akudziimira paokha, osakhala pansi pa kampani yaikulu. Ndikupempha amene akudziwa mbiri yawo andifotokozere kuti anayamba bwanji, ndalama amazipeza kuti, ndiponso kuti anataya chiyani posankha njira imeneyo.

A Phiri ayankha:

Mayi Nachisale, mwachita bwino kusafulumira ndi cholembera. Musanamve mbiri ya wina aliyense, gwirani kaye mfundo iyi: nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi umwini wapawiri. Pali umwini wa nyimbo yeniyeniyo, kutanthauza mawu ndi mayimbidwe amene munapeka, ndipo pali umwini wa chojambulidwacho, chimene chimatuluka mu situdiyo tsiku limene mwaimba. Amayi amene mukuwafunsawo anakhalitsa pa ntchito chifukwa anasunga umwini umodzi mwa iwiriyi, ndipo ena anasunga wonse.

Chitsanzo chimene anthu amathamangira kutchula ndi Ani DiFranco wa mumzinda wa Buffalo m'chigawo cha New York, amene anabadwa mu 1970. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1990 kudzera m'kampani yakeyake, Righteous Babe Records, iye ali ndi zaka pafupifupi 20. Pachiyambi kampaniyo inali dzina chabe. Ankayenda ndi makaseti m'galimoto, n'kumaimba m'mabala ang'onoang'ono, m'malo omwera khofi ndi m'makoleji, ndipo akamaliza kuimba ankagulitsa makasetiwo pamanja kwa anthu amene amumva usiku womwewo. Ophunzira ankajambulirana makasetiwo, ndipo m'malo moti zimenezi zimugwetse, n'zimene zinkachititsa kuti aitanidwe ku koleji ina ndi inanso. Dzina lake litakula, makampani aakulu anamufuna, koma iye anakana, chifukwa anali ataona kale kuti pa chimbale chilichonse chogulitsidwa ndi kampani yake ankatsala ndi ndalama zambiri kuposa zimene akanapatsidwa ndi eni kampani ina. Patapita zaka, kampani yomweyo inakonzanso tchalitchi chakale ku Buffalo n'kuchisandutsa malo oimbirako, ndiponso inayamba kutulutsa nyimbo za anthu ena. Mmodzi mwa iwo ndi Anaïs Mitchell, amene chimbale chake cha 2010, Hadestown, chinadzasanduka sewero la ku Broadway, kumalo a zisudzo otchuka a mumzinda wa New York, lomwe linapata mphoto za zisudzo zisanu ndi zitatu zotchedwa Tony mu 2019.

Koma amene ine ndimaona kuti nkhani yake ikukukhudzani kwambiri ndi Loreena McKennitt wa ku Canada. Iyeyu anayambitsa kampani yake ya Quinlan Road mu 1985, ndipo ankakhala m'misika ndi m'misewu ya ku Toronto akuimba ndi zeze wake, makaseti ali pambali. Chimene anachita mwanzeru n'chakuti ankasunga mayina ndi maadiresi a anthu amene ankamugula, kotero kuti potulutsa chimbale chotsatira ankadziwa oti awalembere. Pamene anadzagwirizana ndi kampani ya Warner kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, anali kale ndi anthu ake omugula, choncho sanapite kukapempha chithandizo ngati munthu wopanda pogwira. Anailola kampaniyo kufalitsa zimbale zake, koma zojambulidwazo zinakhalabe zake. Kusiyana kwa kubwereketsa ndi kugulitsa kuli pamenepo, ndipo pepala limene mwapatsidwalo, monga mwalifotokozera, ndi logulitsa.

Anambewe ayankha:

Ndikugwirizana ndi a Phiri pa za umwini, koma ndikuopa kuti mayi Nachisale angatengepo maganizo akuti kusayina ndi kampani n'kulakwa nthawi zonse. Tracy Chapman sanadziimire payekha m'njira ya DiFranco. Ali wophunzira pa yunivesite ya Tufts ankaimba m'misewu ndi m'malo omwera khofi kufupi ndi Boston, kenako anasayina ndi kampani yaikulu ya Elektra, imene inatulutsa chimbale chake choyamba mu 1988. M'mwezi wa June chaka chomwecho anaimirira yekha ndi gitala yake pa bwalo la Wembley ku London, pa chikondwerero cha zaka 70 za Nelson Mandela amene pa nthawiyo anali akadali m'ndende, ndipo dziko lonse linamudziwa kuchokera tsiku limenelo. N'zovuta kukhulupirira kuti munthu wogulitsa makaseti m'galimoto akanafika pa bwalo lotero m'chaka chake choyamba.

Chimene chinamuteteza n'chakuti nyimbo zake anapeka yekha, ndipo sanalole kuti wina azichita nazo zimene akufuna. Mu 2023, patatha zaka 35, woimba wa nyimbo za country Luke Combs anaimbanso Fast Car, nyimbo ya Chapman ya mu 1988, nyimboyo n'kukweranso pamwamba, ndipo Chapman anakhala mayi woyamba wachikuda kulandira mphoto ya nyimbo yopambana ya chaka kuchokera ku bungwe la Country Music Association. Iye sanalowe mu situdiyo kapena kuyenda ulendo uliwonse, koma ndalama za wopeka zinamupeza ali kunyumba. Zaka zingapo izi zisanachitike, anakasuma woimba wina, Nicki Minaj, chifukwa chogwiritsa ntchito mbali ya nyimbo yake popanda chilolezo, ndipo nkhaniyo inatha Chapman atalandira madola 450,000.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandigwira mtima kuposa onsewa, Elizabeth Cotten wa ku North Carolina, wobadwa mu 1893. Anali wamanzere, ndipo ankaimba gitala ya anthu amanja akumanja ataitembenuza, zingwe zikuluzikulu zili pansi, mpaka kaimbidwe kameneko kanadzatchedwa ndi dzina lake. Nyimbo yake yotchuka ya Freight Train anaipeka ali mtsikana wamng'ono, koma atakwatiwa anaisiya gitala kwa zaka zambiri n'kumagwira ntchito za m'nyumba za anthu. Anaitolanso atakalamba, akugwira ntchito pa banja la a Seeger, amene anali anthu a nyimbo. Nyimboyo inawoloka nyanja n'kutchuka ku Britain mu 1957, anthu ena atalembetsa kuti ndi yawo, ndipo zinatengera banja la a Seeger kulowererapo kuti dzina la mwini wake lizindikirike. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1958 ali ndi zaka zoposa 60, ndipo mphoto ya Grammy anailandira mu 1985 atadutsa zaka 90. Ndikamaganiza za iye ndimaona kuti ngozi yaikulu kwa mayi wopeka nyimbo ndi kukhala ndi nyimbo imene palibe pamene palembedwa kuti ndi yake. Choncho, kaya musayina kaya simusayina, pitani mukalembetse nyimbo zanu ku COSOMA, bungwe limene lakhala likuyang'anira umwini wa ntchito za luso ku Malawi kuyambira 1992, munthu wina aliyense asanazijambule.

Mayi Nyirenda ayankha kuchokera ku Johannesburg:

Ine ndikufuna kuyankha mbali ya funso imene anzangawa aidutsa mofulumira, yoti amayiwa amataya chiyani, ndi yoti ndalama zimachokera kuti masiku ano.

Kuno ku South Africa tonse tinaona zimene zinachitikira Zahara, mtsikana wa ku Eastern Cape amene anatulukira mu 2011 ndi gitala yake ndi chimbale cha Loliwe. Chaka chotsatira analandira mphoto zisanu ndi zitatu za South African Music Awards, ndipo nyimbo zake zinkamveka m'matakisi ndi m'mashopu kuyambira kuno mpaka kwathu. Komabe patapita zaka anadandaula poyera kuti sanalandire ndalama zonse zimene ankayenera kulandira kuchokera ku kampani imene inamutulutsa, kampaniyo n'kukana, ndipo mu 2022 nkhani inali m'manyuzipepala yakuti nyumba yake ili pafupi kulandidwa. Anamwalira mu December 2023 ali ndi zaka 36. Sindikuweruza mlandu umene sindinauone mapepala ake, koma ndikudziwa kuti kutchuka kwa dzina ndi kukhala ndi ndalama m'thumba ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chimene chimazilumikiza ndi mawu olembedwa m'pepala limene woimba amasayina ali wamng'ono, ali ndi njala yofuna kumveka.

Za ndalama, musayembekezere zambiri kuchokera ku nyimbo zomvera pa intaneti. Spotify imalipira kachigawo kakang'ono ka senti imodzi ya ku America nyimbo ikamveredwa kamodzi, ndipo kuyambira 2024 nyimbo imene sinamveredwe ka 1,000 m'miyezi khumi ndi iwiri silandira kalikonse. N'chifukwa chake oimba a folk ambiri amadalira tsamba la pa intaneti la Bandcamp, kumene womvera amagula chimbale mwachindunji ndipo gawo lalikulu la ndalama limapita kwa woimba, komanso amadalira kuimba pamaso pa anthu, ngakhale m'nyumba ya munthu momwe asonkhana anthu makumi atatu amene aliyense waponya kangachepe. Apa m'pamene gitala yopanda magetsi ili ndi mwayi umene gulu lalikulu la oimba lilibe: mayi mmodzi akhoza kukwera basi ndi chida chake, kuimba popanda zokuzira mawu zodula, ndi kubwerera ndi ndalama yonse osagawana ndi anthu asanu ndi mmodzi.

Koma ulendo womwewo ndi umene umalemera kwambiri kwa mayi. Kuyenda wekha usiku, kukambirana za malipiro ndi mwini malo amene akukuyang'ana ngati mwana, kusiya khanda kunyumba kapena kuyenda nalo, zonsezi amuna oimba sazisenza mofanana ndi ife. Ine ndinaimbapo m'malo ena kuno kwa miyezi itatu, mwini wake n'kumandipatsa theka la zimene ankapatsa mnyamata woimba tsiku lotsatira, ponena kuti anthu sabwera kudzamvera mkazi ali yekha. Maganizo amenewa si a kuno kokha. Woimba wa ku Canada Sarah McLachlan anayambitsa ulendo wa zoimbaimba wotchedwa Lilith Fair mu 1997 atatopa ndi okonza zoimbaimba ndi eni mawailesi a ku America amene ankakana kuika amayi awiri motsatizana, ndipo ulendo wa amayi okhaokhawo unadzaza mabwalo zaka zitatu zotsatizana. Ena amangotopa n'kusiya. Vashti Bunyan wa ku Britain anatulutsa chimbale mu 1970, sichinagulidwe, iye n'kuchoka kukalera ana kumidzi, ndipo chimbale chake chachiwiri chinatuluka mu 2005 anthu a m'badwo wina atamupezanso.

A Phiri awonjezera:

Mayi Nyirenda anena zoona, ndipo ndivomereze kuti m'yankho langa loyamba ndinachititsa njirayi kuoneka ngati ya munthu mmodzi. Palibe mwa amayiwa amene anagwira ntchito yekha. DiFranco anali ndi antchito mu ofesi ku Buffalo amene ankayankha makalata ndi kutumiza zimbale iye ali pa ulendo. Kate Rusby wa ku Barnsley ku England, amene anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Mercury, ya chimbale chopambana cha chaka ku Britain ndi ku Ireland, mu 1999, amatulutsa nyimbo zake kudzera ku Pure Records, kampani imene yakhala ikuyendetsedwa ndi makolo ndi abale ake. Gillian Welch anayambitsa Acony Records mu 2001 pamodzi ndi mnzake woimba naye, David Rawlings. Kudziimira pawekha pa ntchito imeneyi kumatanthauza kuti iwe ndiwe wolemba ena ntchito, ndipo pamafunika munthu wokhulupirika wosunga mabuku a ndalama, chifukwa tsiku limene ukuwerengera malisiti ndi tsiku limene sukupeka nyimbo.

Nachisale abwereranso:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Ndawerenganso pepala lija mawu ndi mawu, ndipo ndapeza kuti silikusiyanitsa n'komwe nyimbo zimene ndinapeka ndi zimene zidzajambulidwe, koma likungoti zonse zidzakhala za kampani. Sabata yamawa ndiyamba ndi kulembetsa nyimbo zanga khumi ndi ziwiri, kenako ndibwerera kwa bambo aja ndi pempho lakuti umwini wa zopeka ukhale wanga, ndipo zojambulidwazo azigwiritse ntchito kwa zaka zowerengeka zimene tigwirizane, zikatha zibwerere kwa ine. Akakana, ndijambula nyimbo zinayi zokha ndi ndalama zimene ndasunga kuchokera ku maukwati, ndipo mchemwali wanga wavomera kale kuti azilemba m'kope manambala a foni a anthu amene amabwera kudzandifunsa ndikamaliza kuimba. Mayi Nyirenda, ngati n'kotheka mundiuzeko mmene munkatchulira mtengo wanu kwa eni malo mutachoka pamalo paja, chifukwa Loweruka likubwerali ndikukakumana ndi mwini malo odyera amene akufuna kuti ndiziimba kwa iye kawiri pa mwezi.