Ana a Fomu 4 akuwerenga koma mafunso akuwakanika, tithandizane

Wa Physics, Ntcheu: Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. Pa CDSS yathu ana a Fomu 4 sajomba, ku study circle (gulu lowerengera limodzi) masana amabwera, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi manotsi odzaza pa foni. Koma ndikawapatsa funso la Ohm's law (lamulo la zamagetsi la V = IR) nditangosintha manambala, ambiri amangoyang'ana kudenga. Ndikafunsa amati "tinawerenga, Sir," ndipo sakunama, ndimawaona ndi maso anga. MSCE yayandikira. Vuto lili pati?

Wa Biology, Mulanje: Achimwene, tsiku lina mukaime kumbuyo kwawo akamawerenga. Manotsiwo ali pa foni yomweyo imene mukulowa mauthenga a WhatsApp. Mwana awerenga mizere itatu, foni yanjenjemera, wayankha, wabwerera, wayambiranso ndime yomwe ija. Maso abwerera ku manotsi koma mtima udakali ku uthenga. Ola limatha asanalowe m'kati mwa phunziro.

Wa Masamu, Kasungu: Ingoletsani mafoniwo basi. Kwathu tikampeza nayo mwana timalanda, kholo limadzatenga teremu ikatha. Ngakhale a UNESCO mu lipoti lawo la 2023 anachenjeza kuti foni m'kalasi imasokoneza kuphunzira.

Wa Physics, Ntcheu: Akulu, ndikumva, koma kuno mabuku a Physics ndi ochepa kwambiri, limodzi amalimbirana ana angapo. Mapepala akale a MANEB ali m'mafoni momwemo. Ndikalanda foni ndiye kuti ndatseka laibulale.

Wa Chingerezi, Zomba: Ine ndikuona mavuto awiri, ndipo la foni ndi laling'ono. Lalikulu ndi kawerengedwe. Mwana akabwereza tsamba kanayi, mawu aja amayamba kuoneka achizolowezi, iye n'kumaganiza kuti wadziwa. Kuzindikira chinthu chili pamaso ndi kuchitulutsa m'mutu buku litatsekedwa ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo m'chipinda cha mayeso imafunika yachiwiriyo.

Mu 2006 akatswiri awiri ku America, Roediger ndi Karpicke, anayesa zimenezi. Ophunzira ena anawerenga ndime mobwerezabwereza, ena anawerenga n'kutseka, n'kulemba zimene akukumbuka. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, obwereza aja anachita bwino. Patatha sabata, amene ankatseka aja ndiwo anakumbuka zambiri. Apa ndi pamene ana athu akupusitsika: njira yomwe imakoma madzulo ano ndiyo imawataya tsiku la mayeso.

Chimene ndimachita n'chosavuta. Pa double period ya mphindi 80, khumi zoyamba makope onse atsekedwe. Pa bolodi ndimalemba mafunso atatu: la dzulo, la sabata yatha, ndi la Fomu 3. Aliyense alembe yekha, osakambirana. Kenako asinthane makope, tichongere limodzi. Malikisi sindilemba paliponse, chifukwa mwana akamaopa amayamba kuonera kwa mnzake, ndipo phindu lonse limathera pomwepo. Masabata oyamba amadandaula kuti mutu ukuwawa. Musawamvere chisoni msanga, kuvutikako ndiko kumakhazikitsa phunziro.

Wa Masamu, Kasungu: Madam, nzeru ndi yabwino, koma silabasi sitinamalize. Mphindi khumi tsiku lililonse ndi mitu ingati imeneyo pa teremu?

Wa Chingerezi, Zomba: Nanga mutu umene munamaliza mu Fomu 3 koma mwana sangayankhepo funso limodzi, tiuwerenge kuti unatha? Ine ndimalolera kusiya mutu umodzi waung'ono kuti enawo akhale m'mutu mwa mwana.

Wa Biology, Mulanje: Pa nkhani ya foni, musalande, muipatse nthawi yake. Study circle ikayamba, apatseni mphindi zisanu akopere mafunso m'kope ndi cholembera. Akamaliza, mafoni onse azimitsidwe, alowe m'katoni pa tebulo, ndi yanu yomwe, aphunzitsi. Mukakhala kutsogolo n'kumaseweretsa yanu, ana sangakhulupirire kuti mukunena zoona. Kenako kukhale chete, aliyense ndi funso lake. Yambani ndi mphindi 15, sabata yotsatira 25, muzikweza choncho. Mwana amene sanakhalepo theka la ola pa funso limodzi, pepala la maola awiri adzalipirira bwanji? Kukambirana kubwere pambuyo, aliyense atayesa kale yekha, apo ayi anzeru awiri amayankha ndipo enawo amangokopera.

Wa Physics, Ntcheu: Zikomo kwambiri nonse. Lolemba ndiyamba ndi katoni ndi mafunso atatu aja. Chondidetsa nkhawa ndi atsikana ena amene foni ndi ya makolo ndipo amaigwira usiku wokha.

Wa Biology, Mulanje: Amenewo akopere kwa anzawo pa mphindi zisanu zija, kapena mulembe mafunsowo pa bolodi. Ndipotu adzapindula, chifukwa kunyumba adzafika ndi kope, osafunikanso kudikira foni.

Wa Masamu, Kasungu: Chabwino, inenso ndiyesa zotseka makopezo ndi Fomu 3, poti iwo nthawi ikadalipo. Achimwene a ku Ntcheu, ndili ndi mafunso osintha formula amene angathandize pa V = IR. Ndikutumizirani madzulo ano ndikamaliza kuchonga.